Wasim Akram, Wamanzere Amene Ankakhotetsa Mpira M'malere

(NYIMBO YOTSEGULIRA)

WOULUTSA:

Takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro a zamasewero. Lero mpira wa miyendo tiupumitse kaye, tipite ku Pakistan, ku masewero a kiriketi, tikacheze za munthu amene kwa zaka zoposa 18 adasowetsa tulo akatswiri a dziko lonse ndi mkono wake wamanzere. Dzina lake ndi Wasim Akram. Ambirife kiriketi sitidakule nayo, choncho ndiyamba ndi zochepa zofunika kuti tiyendere limodzi.

Masewerowa amakhala a matimu awiri, osewera 11 mbali iliyonse. Pakati pa bwalo pamakhala kanjira kosalazidwa bwino, kotalika mamita 20, ndipo kumapeto kwake konse kuwiri amazika zikhomo zitatuzitatu. Womenya amaima kutsogolo kwa zikhomozo, thabwa lili m'manja, kuti aziteteze komanso kuti amenye mpira n'kupeza ma run. Woponya amabwera chothamanga kuchokera kutsidya, n'kuponya mkono uli wowongoka, ndipo mpira umanjanja pansi kamodzi usanafike kwa womenya. Ukagunda zikhomo, womenyayo watuluka. Ukawakhidwa m'malere utachoka pa thabwa, watuluka. Ukamenya mwendo wake pamene ukadapitirira kukagunda zikhomo, watulukanso. Womenya aliyense amene woponya wamutulutsa amawerengedwa kuti ndi wiketi imodzi. Mipira 6 imapanga ova imodzi. M'masiku a Akram masewero a pakati pa mayiko adali a mitundu iwiri: a Test, amene amatha masiku 5, ndi a tsiku limodzi, a maova 50 timu iliyonse.

Tsopano tiugwire mpirawo m'manja, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Ndi wolimba, wolemera magalamu pafupifupi 160, wokutidwa ndi chikopa. Pakati pake pamazungulira msoko wotumphuka pang'ono, wa mizere 6 ya ulusi, umene umaugawa mbali ziwiri. Otsata mpira wa miyendo mukudziwa momwe fulikiki imakhotera kulambalala khoma la osewera. Kumeneko mpira umakhota chifukwa wamenyedwa cham'mbali ndipo ukupita ukuzungulira. Mu kiriketi chokhotetsa ndi msoko uja pamodzi ndi chikopa. Woponya amaika zala ziwiri pamwamba pa msoko, chala chachikulu pansi, msokowo utaima chilili koma utapendekera pang'ono kumene akufuna kuti mpira ulowere. Akauponya bwino, msoko umapita uli chiimire, osagwedera. Mpweya wodutsa mbali yosalala umayenda mwabata ndipo umausiya mpira msanga. Wodutsa mbali ya msoko umavunduka, ndipo mpweya wovunduka umakangamira pa chikopa nthawi yotalikirapo. Kusiyana kumeneku kumakankhira mpira kumene msoko waloza. Kukhota kumeneku ndiye swing. N'chifukwa chake mukamaonera pa kanema mumaona osewera akupukuta mbali imodzi ya mpira pa thalauza mpaka thalauza loyera kufiira pantchafu.

Mpira wothamanga makilomita 140 pa ola umafika kwa womenya m'theka la sekondi. M'kanthawi kameneko ayenera kuona kumene ukupita, kusuntha phazi, n'kutsitsa thabwa. Ukakhota iye atasankha kale pomenya, watha.

Nanga kumanzereku kukubwera pati? Mwa anthu khumi, wamanzere amakhala mmodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndiye womenya amakula akuyang'anizana ndi oponya akumanja tsiku ndi tsiku. Maso ake ndi mapazi ake zimazolowera mpira wochokera mbali imodzi. Wamanzere akabwera, mpira umachokera mbali ina, ndipo kwa womenya wakumanja umaoneka ngati ukudutsa chopingasa, kumutalikira. Nzeru imamuuza kuti ausiye upite. Koma wamanzere wodziwa swing amaubweza mpira womwewo kuti ulowe mkati, ku miyendo ndi ku zikhomo. Womenya akazindikira zimenezi amayamba kusewera mpira uliwonse chifukwa cha mantha, ndipo pamenepo woponya amamutumizira wina wosabwerera, umene umangopsopsona m'mphepete mwa thabwa n'kugwera m'manja mwa owakha kumbuyo. Kusiya n'koopsa, kusewera n'koopsanso. Akram adali ndi mipira iwiri yonseyi, ndipo ankaiponya mkono ukuyenda chimodzimodzi.

(KANYIMBO)

Wasim Akram adabadwa pa 3 June 1966 mu mzinda wa Lahore. Kiriketi adaiyambira m'misewu, ndi mpira wa tenisi, monga achitira ana ambiri a m'mizinda ya ku Pakistan, amene amaukulunga mpirawo ndi tepi ya magetsi kuti uzithamanga. Mu 1984, ali ndi zaka 18, adapezeka pa zokonzekera za achinyamata ku Lahore, ndipo Javed Miandad, katswiri womenya wa timu ya dzikolo, adabwera kudzayeserera pomwepo. Miandad adaona kamnyamata kakatali, kowonda, kosadziwika ndi aliyense, kakumuvutitsa ndi mpira. Adakalankhulira kwa akuluakulu osankha timu. Posakhalitsa mnyamatayo adaikidwa m'timu yoyesana ndi New Zealand ku Rawalpindi, masewero ake oyamba a mulingo wapamwamba, ndipo adatulutsa anthu 7 atapereka ma run 50 okha. Mwezi womwewo wa November 1984 adavala yunifolomu ya dziko lake koyamba, pa masewero a tsiku limodzi ku Faisalabad.

Mwini wake amasimba kuti atasankhidwa kupita ku New Zealand adafunsa Miandad kuchuluka kwa ndalama zoti apemphe kwa bambo ake za paulendo. Sankadziwa kuti osewerera dziko amalipidwa. Test yake yoyamba idali ku Auckland mu January 1985. Yachiwiri, ku Dunedin, adatenga mawiketi 10, ngakhale Pakistan idagonja. Patangopita masabata ochepa, ku Melbourne, adatulutsa osewera 5 a Australia pa ma run 21 pa masewero a tsiku limodzi.

Paulendo wa ku Australia umenewu ndi pamene adagwera m'manja mwa Imran Khan, yemwe uja adadzakhala nduna yaikulu ya Pakistan mu 2018. Ine ndimaona kuti popanda Imran tikadakhala ndi Akram waluso ndithu, koma wosapsa. Imran adamuphunzitsa kuyeza mapazi a pothamangira, kulimbitsa thupi, ndi kuponya yorker, mpira umene umagwera pa zala za kumapazi za womenya, pomwe thabwa limavuta kufika. Pa masewero ankaima pafupi naye, namuuza mpira woti aponye, umodziumodzi, mpaka mnyamatayo adayamba kudziganizira yekha. Ndipo poti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mu 1988 Akram adalowa timu ya Lancashire ku England, kumene adasewera mpaka 1998. Kumeneko, m'nyengo yozizira ndi yamitambo, pa mabwalo a udzu wobiriwira, adaphunzira kulamulira mpira watsopano.

Kaponyedwe kake kadali kachilendo. Oponya mwaliwiro ambiri amathamanga mtunda wautali kuti apeze mphamvu. Iye ankathamanga pafupi, timapazi tachangu, ndipo mkono unkazungulira mofulumira kwambiri moti womenya ankadzidzimuka mpira uli kale panjira. Mphamvu yeniyeni idali pa phewa ndi pa mfundo ya dzanja, imene ankaipinda pang'ono chabe kuti asinthe kolowera mpira.

Tifike pa luso limene lidamutchukitsa, limenenso lidamutukwanitsa. Swing imene ndafotokoza ija imafuna mpira watsopano, wonyezimira. Ku Pakistan nthaka ya mabwalo ambiri ndi youma ndi yolimba, ndipo pakatha maova ochepa chikopa chimakhala chitakalika. Kalekale zikafika apo oponya mwaliwiro ankangopirira padzuwa kudikira mpira wina watsopano. Koma oponya a ku Pakistan adatulukira kuti mpira wakale, ukasamalidwa mwa njira ina, umayambanso kukhota, ndipo umakhotera kosayembekezeka. Amene amatchulidwa kwambiri pa chiyambi cha lusoli ndi Sarfraz Nawaz, yemwe mu 1979 ku Melbourne adatulutsa osewera 7 a Australia atapereka run imodzi yokha, masewero amene Australia inkaoneka kuti yawina kale. Sarfraz adauza Imran, Imran adauza Akram ndi mnzake Waqar Younis.

Njira yake ndi iyi. Mbali imodzi ya mpira imapukutidwa mosalekeza kuti ikhale yosalala. Mbali inayo imasiyidwa kuti ikalike, ndipo iyenera kukhala youma gwa. Dzanja la thukuta lisaikhudze. Ndi ntchito ya timu yonse, ndipo matimu ambiri amasankha munthu mmodzi woti aziusamala mpirawo. Mpira wotere ukaponyedwa mwaliwiro kwambiri, mpweya umavunduka mbali zonse ziwiri, koma kumbali yokalika umavunduka mopitirira muyeso, n'kufooka, n'kuusiya mpira msanga. Zikatero mpira umakhotera kumbali yonyezimira, mosemphana ndi zomwe womenya adaphunzira kuyambira ali mwana. Iyi ndiye reverse swing. Choopsa chake china n'chakuti imachedwa: mpira umabwera mowongoka, n'kudzakhota utatsala pang'ono kufika. Omenya ochenjera adayamba kuyang'anitsitsa dzanja la woponya kuti aone kumene kuli mbali yonyezimira. Akram adayankha pobisa mpira ndi dzanja lake lamanja pothamanga, n'kuuvundukula mkono ukukwera kale.

Zipatso zake zidaoneka msanga. Ku Sharjah mu 1989 adatulutsa osewera atatu a West Indies ndi mipira itatu yotsatizana, Jeff Dujon, Malcolm Marshall ndi Curtly Ambrose, onse powagwetsera zikhomo. Chaka chotsatira, pa bwalo lomwelo, adachitanso chimodzimodzi kwa Australia. Kumayambiriro kwa 1990 adatenga mawiketi 11 pa Test ya ku Melbourne, ndipo pa Test yotsatira ku Adelaide adamenya ma run 123 ali limodzi ndi mphunzitsi wake Imran.

(KANYIMBO)

Mpikisano wa chikho cha dziko lonse wa 1992 udachitikira ku Australia ndi New Zealand, ndipo Pakistan idauyamba moipa. Waqar Younis adatsala chifukwa cha msana. Pa masewero 5 oyamba idapambana amodzi okha. Ku Adelaide timu yonse idatulutsidwa ndi England pa ma run 74, koma mvula idagwa, masewero adathetsedwa, ndipo pointi imodzi imene adagawana tsiku limenelo ndi imene idadzawapulumutsa. Akram naye ankavutika: mpira woyera wa mpikisanowu unkakhota mopitirira, n'kumapita kutali ndi womenya, timu n'kumaluza ma run aulere. Imran adamuuza kuti asachepetse liwiro poopa zimenezo, aziponya ndi mphamvu zonse. Adamvera, ndipo adatsiriza mpikisanowo ndi mawiketi 18, kuposa wina aliyense.

Ndime yomaliza idaseweredwa pa 25 March 1992 pa bwalo la Melbourne, pamaso pa anthu oposa 87,000. Pakistan idayamba kumenya n'kupeza ma run 249. Imran adamenya 72, Miandad 58, ndipo Akram adabwera kumapeto n'kuwonjezera 33 mwachangu. England itayamba kuthamangitsa chiwerengerocho, Akram adatulutsa Ian Botham asanapeze run ndi imodzi yomwe. England idagwa mpaka 69, anthu anayi atatuluka. Kenaka Neil Fairbrother ndi Allan Lamb adakhazikika, nawonjezera ma run 72 awiriwiri, ndipo masewero adayamba kupendekera kwa Angerezi. Usiku utagwa, magetsi a bwalo akuwala, Imran adamubwezera Akram mpira.

Tamverani bwino zimene zidachitika mu ova ya 35. Akram adasintha mbali yothamangira, kudutsa kudzanja lina la zikhomo, kuti mpira uchokere kunja kulowera mkati mwa womenya wakumanja. Lamb, munthu wozolowera oponya aliwiro a ku West Indies, adauona mpira ukubwera molunjika kwa iye, natsitsa thabwa kutseka njira imene unkadzera. Adachita zonse zimene buku limanena. Mpirawo udanjanja, n'kupatuka kubwerera kunja, kulambalala thabwa, n'kukagunda chikhomo chakunja. Lamb adachoka ali ndi ma run 31. Kudabwera Chris Lewis. Iye adali ataona zimene zachitikira mnzake, ndiye ankadikira mpira wothawira kunja. Akram adauponya kutali ndithu ndi zikhomo, kumene munthu angathe kuusiya, koma udakhota kwambiri kulowa mkati, Lewis adachedwa kutseka, ndipo zikhomo zidagwa. Mipira iwiri yotsatizana, wina wotuluka, wina wolowa, kuchokera pa malo amodzi ndi mkono umodzi. England sidadzukenso. Idathera pa 227, Pakistan idapambana ndi ma run 22, ndipo Akram adasankhidwa kukhala katswiri wa tsikulo.

Miyezi ingapo pambuyo pake Pakistan idapita ku England kukasewera ma Test 5, n'kupambana 2-1. Akram adatenga mawiketi 21, Waqar 22. Mobwerezabwereza England inkayamba bwino, oyamba kumenya n'kukhazikika, koma mpira ukakalamba timu yonse inkagumuka m'kanthawi kochepa. Ku bwalo la Lord's awiri omwewa adapambanitsanso timu ndi thabwa: Pakistan inkafuna 138, idagwa mpaka 95 anthu 8 atatuluka, ndipo Akram ndi Waqar adaikoka mpaka kumapeto, Akram ali ndi 45.

Manyuzipepala ena a ku England sadakhulupirire kuti mpira wakale ungakhote chotero popanda chinyengo. Adalemba kuti a Pakistan akukanda mpira ndi zikhadabo. Allan Lamb yemwe uja adanena zomwezo poyera m'nyuzipepala. Apa ndilankhule mosapsatira, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Kukanda mpira kulipo, ndipo malamulo amakuletsa. Imran Khan adavomera mu 1994 kuti nthawi ina adagwiritsapo chitsekerero cha botolo pa masewero a ku England. Waqar Younis adaimitsidwa masewero amodzi mu 2000 pa mlandu wosokoneza mpira. Koma si a Pakistan okha: mu 1994 kaputeni wa England, Michael Atherton, adalipitsidwa chindapusa pa nkhani ya dothi limene lidali m'thumba mwake ku Lord's, ndipo mu 2018 ku Cape Town osewera atatu a Australia adalangidwa chifukwa cha sandipepa. Pa ulendo wa 1992 uja palibe wosewera wa Pakistan amene adapezeka wolakwa. Ndipo England yomweyo itaphunzira lusoli, Simon Jones ndi Andrew Flintoff n'kugonjetsa nalo Australia mu 2005, manyuzipepala adalitamanda ngati nzeru zapamwamba.

Kuona kwanga n'kwakuti dzina la mbava limene adapatsidwa Akram chaka chimenecho lidali lopanda chilungamo. Mungampatse munthu wamba mpira wokalika bwino lomwe, sangauponye pa liwiro lofunika, msoko uli chiimire, n'kuugwetsera pa zala za womenya kasanu motsatizana. Zimenezo zimabwera ndi maola osawerengeka a kuyeserera, ndipo Akram ankakhotetsanso mpira watsopano, umene palibe akadati wakandidwa.

(KANYIMBO)

Utsogoleri sudamuyendere bwino ngati kuponya. Adapatsidwa ukaputeni mu 1993 ali ndi zaka 26, ndipo kumayambiriro kwa 1994 anzake a m'timu adamuukira, ponena kuti ndi waukali, mpaka adachotsedwa. Ubale wake ndi Waqar udazilala kwa zaka zambiri, chikhalirecho awiriwa adatenga mawiketi oposa 550 pa ma Test amene adasewera limodzi. Adabwezeredwa pampando pambuyo pake, ndipo mu March 1996, pa chikho cha dziko lonse, adalephera kusewera ndime ya makotafainolo yokumana ndi India ku Bangalore chifukwa chovulala m'nthiti. Pakistan idagonja. Kwawo ku Lahore anthu olusa adagenda nyumba yake, ena n'kutentha zidole za chifaniziro chake. Munthu yemwe adawabweretsera chikho zaka zinayi m'mbuyomo!

Omvera athu a ku Zimbabwe mwina mukukumbukira October wa chaka chomwecho. Pa Test ya ku Sheikhupura, Zimbabwe idali itaipanikiza Pakistan, anthu 7 atatuluka pa 237. Akram, yemwe adalowa ngati womenya wa nambala 8, adakhala pamenepo mpaka kufika pa ma run 257 osatuluka, ndipo ka 12 adautumiza mpira kunja kwa bwalo osanjanja. Iye ndi Saqlain Mushtaq adawonjezera 313 awiriwiri.

Mu 1997 thupi lidayamba kumudabwitsa: kuwonda, ludzu losatha, kutopa kosadziwika bwino. Atapimidwa adapezeka ndi matenda a shuga, a mtundu wofuna jakisoni wa insulini tsiku lililonse. Kuponya mwaliwiro ndi ntchito yowawa. Pa tsiku limodzi la Test munthu amatha kuponya mipira yoposa 100 padzuwa, uliwonse ndi thupi lonse. Ambiri adaganiza kuti basi kwatha. Iye adasintha kadyedwe, adaphunzira kudziyeza shuga ndi kudzibaya yekha, ndipo adaseweranso zaka zina pafupifupi 6 pa mulingo wapamwamba. Ndikunena izi molimbika chifukwa pakati pa inu omvera alipo amene adauzidwa kuchipatala kuti ali ndi shuga ndipo adataya mtima. Zina mwa ntchito zazikulu za munthu uyu adazichita akudzibaya jakisoni.

Chaka cha 1999 ndicho umboni. Mu January adatsogolera Pakistan ku India, ulendo woyamba wa ma Test kumeneko patapita zaka 12, mayiko awiriwa ali pa udani. Ku Chennai adamuponyera Rahul Dravid, mmodzi mwa omenya ovuta kwambiri kuwatulutsa, mpira umene udayamba ngati ukulowera ku miyendo, n'kutembenuka kukakhudza pamwamba pa chikhomo chakunja. Sachin Tendulkar adamenya 136 msana ukumupweteka, koma Pakistan idapambana ndi ma run 12, ndipo anthu a ku Chennai adaimirira kuwombera m'manja timu ya adani awo ikuzungulira bwalo. Mu March Akram adatulutsa anthu atatu ndi mipira itatu yotsatizana pa Test yokumana ndi Sri Lanka ku Lahore, n'kubwerezanso pa Test yotsatira ku Dhaka. Mu June adaifikitsa timu yake pa ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse ku Lord's, koma tsiku limenelo zidakanika: Pakistan idathera pa 132, ndipo Australia idapambana mosavuta.

Pali banga limene sindingalilumphe. M'zaka za m'ma 1990 kiriketi idalowedwa ndi anthu a juga amene ankagula osewera kuti agulitse masewero. Boma la Pakistan lidakhazikitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi Jaji Malik Muhammad Qayyum, ndipo lipoti lake lidatuluka mu May 2000. Salim Malik ndi Ata-ur-Rehman adaletsedwa kusewera moyo wawo wonse. Ata-ur-Rehman adali atanena kuti Akram adamupatsa ndalama kuti aponye moipa pa masewero ena ku New Zealand mu 1994, koma adasinthasintha umboni wake. Jajiyo adagamula kuti umboni wotsutsa Akram ndi wosakwanira kumupeza wolakwa, komabe adati sadathandize kafukufukuyo mokwanira ndipo chikaiko chilipo. Adamulipitsa marupi 300,000, nalangiza kuti asakhalenso kaputeni. Akram wakhala akukana mlanduwu mpaka lero. Ine sindingamuweruze kuposa pomwe jaji adafika, koma sindingakuuzeninso kuti adatuluka woyera mbee. Nkhaniyi imandiwawa, chifukwa wochemerera akayamba kukayika ngati zimene akuona pabwalo n'zenizeni, ngakhale mpira wokongola ngati wa Lamb uja umachepa mtengo.

Test yake yomaliza adasewera mu January 2002 ku Dhaka, pokumana ndi Bangladesh. Adatsazikira kuno ku Africa, pa chikho cha dziko lonse cha 2003. Ku Kimberley adatulutsa osewera 5 a Namibia, ndipo ku Paarl, pokumana ndi Netherlands, adakhala munthu woyamba kufika pa mawiketi 500 m'masewero a tsiku limodzi. Masewero ake otsiriza adali ku Bulawayo pa 4 March 2003, pokumana ndi Zimbabwe. Mvula idawasokoneza, Zimbabwe idapitirira ku ndime yotsatira, Pakistan idabwerera kwawo. Mu May chaka chomwecho adalengeza kuti wapuma.

Pa ma Test 104 adatenga mawiketi 414, ndipo wiketi iliyonse inkamudyera ma run osakwana 24. Pa masewero 356 a tsiku limodzi adatenga 502. Padapita zaka zoposa 20 popanda wamanzere wina woponya mwaliwiro wofika pa 414 paja, ngakhale kudabwera akatswiri ngati Chaminda Vaas wa ku Sri Lanka ndi Zaheer Khan wa ku India. Mukaona lero Mitchell Starc wa ku Australia, Trent Boult wa ku New Zealand kapena Shaheen Shah Afridi wa ku Pakistan akutsegula masewero ndi mpira wokhotera ku miyendo ya womenya, amene ofotokoza masewero amamutchula poyerekeza ndi Akram. Kwa ine, pa oponya amanzere onse amene kiriketi idaonapo, palibe adadziwa zambiri zochita ndi mpira umodzi kuposa iyeyu.

Mawu anga otsiriza apite kwa aphunzitsi ndi makolo. Kiriketi ikuseweredwa m'masukulu ena kuno kwathu, ndipo kuyambira 2019 timu ya Malawi imasewera masewero aafupi a T20 ovomerezeka ndi bungwe la kiriketi la dziko lonse. Mwana akatola mpira ndi dzanja lamanzere, chonde musamukakamize kusinthira kumanja monga timachitira pa nsima ndi pa cholembera. Muonetseni kagwiridwe ka msoko, mumuimikire zikhomo zitatu, aziponya.

(NYIMBO YOTSEKERA)